Msika Wopanda Mabenchi

Munthu wa ku Ndirande sagula kwa mlendo ngati pafupi pali wina amene akumudziwa. Mumsika wa kwathu mayi amatha kudutsa mabenchi khumi a tomato, yense wofiira bwino, mtengo wake umodzimodzi, n'kukaima pa benchi lakumapeto chifukwa pamenepo ndiye pali kasitomala wake. Mawu akuti kasitomala kwathu kuno amagwira mbali ziwiri: wogula ndi kasitomala, wogulitsanso ndi kasitomala. Awiriwa amafunsana za odwala, amapitirana kumaliro, ndipo tsiku limene m'thumba mwauma wina amanyamula ndiwo n'kunena kuti adzapereka mwezi ukatha. Pulayizi amene amaikidwa pamwamba pa mulu ndi chikole chakuti mawa tidzaonananso.

Masiku ano kwabadwa msika wina umene ulibe mabenchi, ulibe denga, ndipo wodulitsa ziphaso wa khonsolo sadziwa pamene pali chipata chake. Msika umenewu uli m'foni. Amene amayala malonda m'menemo ndi anthu aluso: oimba, alakatuli, a zisudzo ndi nthabwala, matelala, ojambula, ngakhalenso amayi odziwa kuphika amene amaonetsa luso lawo pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Ogula ake ndi anthu amene adayamba ndi kukonda lusolo, kenaka n'kukonda mwini wake, mapeto ake n'kuyamba kugula chimene iye wanyamula m'manja. Ena amati zimenezi n'zachilendo, zochokera kunja. Ine amene ndidakulira ku Ndirande ndipo tsopano ndikukalambira ku Machinjiri ndimaona kuti ndi ukasitomala wathu womwe uja, wangosamukira m'foni, pamodzi ndi kukoma kwake ndi minga yake yomwe.

Kupereka ndalama kwa waluso chifukwa wakusangalatsa sitidachite kuphunzira kwa azungu. Mtsikana akatyola bwino chimtali, kaya mnyamata akaonetsa ukatswiri pa beni, anthu ankalowa m'bwalo kukamusupa. Woimba ng'oma ankasupidwa. Pa ukwati mpaka lero timathera maola pa perekaniperekani. Wosupa sayembekeza lisiti. Amaponya ndalama yake anthu akuona, kuti waluso adziwe kuti wakondedwa, komanso kuti khamulo lidziwe kuti iye ndi mmodzi mwa okondawo. Mbali yachiwiriyi ndi yofunika kuigwiritsa, chifukwa ndiyo imayendetsa malonda ambiri a m'foni.

Nyimbo zitalowa m'makaseti, pakati pa woimba ndi womvera padalowa anthu ambiri. M'zaka za m'ma 1990, Lucius Banda ndi anzake a ku Balaka atagwedeza dziko, ife achinyamata tinkasunga ndalama za maganyu n'kukwera minibasi kupita ku Limbe kwa OG Issa, kumene oimba ambiri a m'dziko muno ankagulitsira nyimbo zawo. Kaseti yeniyeni tinkaidziwa ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za aluso. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001, nyimbo zake zidamveka pafupifupi khomo lililonse ku Goliyo ndi ku Makata, ndipo aliyense ankafuna kaseti yakeyake ngati njira yokhuzira malirowo. Koma ndalama imene tinkaperekayo inkadutsa m'manja ambiri. Wojambula nyimbo anali ndi gawo lake, wochulukitsa makaseti lake, wasitolo lake, venda lake. Aliyense wa iwo anali ndi ntchito yoyenera malipiro, komabe woimba ankalandira chakumapeto, ndipo sankadziwa n'komwe nkhope za ife amene tinkamukonda.

Kenaka kudabwera masidi, pambuyo pake timakadi toika m'foni. M'misika yonse mudabuka tizipinda ta anyamata a makompyuta amene ankathira nyimbo mazanamazana pa kakadi kamodzi pa mtengo wosakwana wa kaseti imodzi, woimba osaonapo ngakhale tambala. Apa m'pamene tidayamba kuona oimba odziwika atanyamula okha zimbale zawo m'zikwama, ena atamangirira zokuzira mawu pa galimoto, akuzungulira m'misika ya Limbe, Bangwe ndi Zingwangwa. Anthu ena ankawaseka, amvekere atsika. Koma oimbawo adali atatulukira chinthu chachikulu: munthu amene angathe kupeza nyimbo yaulere amagulabe chimbale ngati akuchilandira kuchokera m'manja mwa mwini wake. Mayi wogulitsa usipa ankamasula mfundo ya chitenje chake n'kugula chimbale ngakhale kunyumba alibe choimbira, chifukwa chimene ankafuna ndi kugwirana chanza ndi munthu amene mawu ake adamutonthoza pa maliro a mwana wake.

Chimene chidatsala ndi njira yoti chanza chimenechi chifike kutali. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo posakhalitsa maambulera ndi timatebulo ta maejenti tidandandalika m'mphepete mwa misewu, kuyambira pa Chinseu mpaka pa Nthukwa ku Chilomoni. M'zaka zotsatira njinga zamoto za kabaza zidachuluka, zofika ngakhale kumene minibasi imakana chifukwa cha zigwembe. Foni yoonetsa zithunzi, ejenti wa ndalama ndi mnyamata wa kabaza ndiwo mafuwa atatu amene mphika wa msika watsopanowu wakhazikikapo. Kuchotsa limodzi, mphika wagwa.

Mmene msikawu umayendera ndidauonera pafupi kudzera mwa mwana wa mchemwali wanga, telala wa ku Bangwe. Kwa zaka zingapo makina ake adali pakhonde, ntchito yake n'kumakhala yosoka mayunifolomu a sukulu sabata yotsegulira ndi kuika zigamba miyezi yotsalayo. Ankaimba kwaya ndi mayi wina amene pambuyo pake adayamba kutulutsa nyimbo zauzimu payekha n'kukhala ndi omutsatira ambiri ndithu. Mayiyo atafuna chovala chojambulitsira kanema wa nyimbo yake, adakumbukira mnzake wa kukwaya. Diresi lidasokedwa, kanema adatuluka, ndipo woimbayo adatchula dzina la telala wake. Kuyambira tsiku limenelo foni ya mwanayu sidapumenso.

Wogula amatumiza miyeso yake pa WhatsApp, n'kulipira theka la mtengo pa foni. Telala amatenga thekalo kukagula chitenje ku Limbe, n'kusoka, n'kutumiza chithunzi. Wogula akakhutira amamaliza kulipira, ndipo kabaza amanyamula kaphukusi kupita ku Chilomoni kaya ku Zingwangwa. Za ku Lilongwe ndi ku Mzuzu zimakwera basi. Alipo ena okhala ku Johannesburg amene amalipira ali komweko kuti diresi likaperekedwe kwa amayi awo ku Namiyango. Chodabwitsa n'chakuti ogulawa sadakhale aliyense payekha. Adapangana gulu, amasankhira limodzi mtundu wa chitenje, ndipo amene ndalama zamuchepera anzake amamulowetsa m'chipereganyu kuti asatsale. Mmodzi wa iwo atafedwa, anzake amene adali asadamuonepo ndi maso adakwera minibasi kukagona kusiwa.

Tsiku lina ndidamufunsa mwanayo chifukwa chimene anthu amadikirira masabata atatu pamene matelala ali mbwee mtauni muno. Iye adaseka.

“Amalume, nsalu ndi yomweyi imene ili paliponse. Koma amayiwa akufuna kuti tsiku lokhazikitsa chimbale akakalowa mu Robin's Park, aliyense aone kuti iwowa ndi a mayi aja.”

Atakhala chete pang'ono, adawonjezera mawu amene adandikhalitsa pansi.

“N'chifukwa chake ndimagona mochedwa. Ndikakhotetsa msoko umodzi, dzina limene linyozeke si langa lokha. Linyozeka la munthu amene adandikhulupirira pamaso pa anthu ake.”

Chikhulupiriro chimenechi chidayesedwa mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mwanayu adali atalandira kale theka la ndalama za madiresi a Khirisimasi, koma atapita ku Limbe adapeza mitengo ya nsalu, ulusi ndi zipi itadumpha. Akadakhala wina akadagula chitenje chotchipa n'kukhala chete, kapena kuzimitsa foni. Iye adajambula mitengo yatsopanoyo n'kuionetsa ku gulu lija, ndi kufunsa kuti atani. Ena adawonjezera ndalama, ena adati adikira mpaka Januwale, awiri adapempha kuti awabwezere zawo ndipo adawabwezera. Sitolo yaikulu ikakweza mtengo imangosintha kapepala pa shelefu. Msika uwu umakhala pansi n'kukambirana ngati nkhani ya pabanja, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Tisaganize kuti aliyense wotchuka ndiye kuti wapeza msika. Mu 2020 Patience Namadingo adajambula nyimbo ndi Giddes Chalamanda, gogo wa ku Chiradzulu wobadwa mu 1930. Chakumapeto kwa 2021 nyimbo ya gogoyu ya Linny Hoo idafala pa TikTok, n'kuonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, anthu a maiko akutali akuivina, mwini wake ali phee kumudzi wopanda ngakhale foni yoonera zimenezo. Chiwerengero chachikulu chotero pachokha sichidasanduke ufa m'nyumba mwake. Thandizo limene lidamufikira lidadzera mwa anthu okhala ndi maina ndi nkhope: amene adamuyendera, amene adamuitana kukaimba, amene adasonkha. Kwa zaka zambiri makampani a masamba amenewa sankalipira mwachindunji aluso okhala m'Malawi, choncho waluso wa kuno adaphunzira msanga kuti khamu loonerera ndi lina, anthu ake ndi ena.

Mlembi wina wa ku America, Kevin Kelly, adalemba mu 2008 kuti waluso safunika mamiliyoni a omutsatira kuti adye. Anthu 1,000 omukonda zenizeni, aliyense wopereka madola 100 pa chaka, ndi okwanira. Kwa ife madola 100 ndi ndalama yoti munthu aganize kawiri, koma mfundoyo ikugwira ngakhale pa Bangwe. Ku China malonda otere adakula modabwitsa kuchokera pamene Taobao idayambitsa kugulitsa pa kanema wa pompopompo mu 2016, mpaka mnyamata wina, Li Jiaqi, adatchuka pogulitsa zopaka m'milomo 15,000 pa mphindi zisanu. Koma pali kusiyana kumodzi kumene sitiyenera kukuphonya. Kumeneko kampani imasunga ndalama ya wogula mpaka katundu atafika. M'malonda ambiri a m'makwalala mwathu muno mulibe wosunga pakati. Ndalama imachoka m'foni ya wogula n'kugwera m'foni ya wogulitsa nthawi yomweyo, ndipo chikole chokha chimene wogula ali nacho ndi nkhope ya waluso amene wamulozera.

Apa ndiye pali minga. Pafupi ndi kwathu ku Machinjiri kuli mayi wamasiye wogulitsa mandasi. Madzulo akaweruka ankakonda kuonera makanema a mnyamata wina wanthabwala, ndipo kuseka kwake tinkakumva ngakhale tili m'nyumba. Tsiku lina mnyamatayo, pakati pa nthabwala zake, adalengeza za anthu ena ogulitsa mabelo a kaunjika pa mtengo wotsika, nati ndi anthu okhulupirika, otumiza msanga ndiwo apindule. Mayiyu adali atalota kwa nthawi yaitali zosiya moto wa mandasi umene ukumuwononga maso. Adakatenga ngongole ku banki m'khonde n'kutumiza yonse. Sabata idatha, belo osaoneka. Sabata yachiwiri nambala ija idasiya kupezeka. Anthu atayamba kudandaula, wanthabwala uja adangoti iye adalipidwa kuti alengeze, mabelowo sadawaonepo, ndipo zotsalazo si zake.

Ndidamupeza mayiyo atakhala pakhonde, beseni la mandasi lili pambali, ndipo sindidafune kumufunsa zambiri. Adayamba yekha.

“Achimwene, ine anthu a mabelowo sindikuwadziwa. Ndidatumiza chifukwa cha mwana uja. Amandiseketsa tsiku lililonse, ndimamuona ngati wa m'nyumba mwanga muno. Kodi mwana wa m'nyumba angakulozere dzenje?”

Funso limenelo lilibe yankho lophweka. Kumsika wa mabenchi, wokugulitsa tomato woola mawa umupeza pomwepo, ndipo anzake oyandikana naye benchi amudzudzula iwe usadatsegule pakamwa. Nambala ya foni munthu amatha kuiponya m'chimbudzi n'kugona tulo. Lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti lilipo kuyambira 2016, ndipo kuyambira 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, koma akuba amadziwa kubisala kuseri kwa ziphaso za anthu ena. Mayi wa mandasi amene tsiku limodzi losagulitsa ndi tsiku losadya sangathe masabata akuyendera maofesi. Chimene chikadamuteteza ndi chinthu chimodzi chokha: mnyamata uja akadapita kukaona mabelowo ndi maso ake asadatsegule pakamwa.

Mpamba wa waluso pa msika uwu ndi chikondi cha anthu ake, ndipo amalonda ochenjera adazindikira kale kuti chikondi chimenechi chingabwerekedwe. Lero nkhope zimene timazikonda zikutiitanira ku mafuta oyeretsa khungu, ku tiyi wochepetsa thupi, ku mankhwala ochiza nthenda zonse, ku juga ya mpira. Sindikuweruza waluso wofuna kudya. Ndikudziwa kuti lendi sadikira kuti chimbale chigulidwe, ndipo ambiri mwa anyamata ndi atsikana amenewa akusenza mabanja athunthu. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama yolengezera imatha mwezi womwewo, pamene anthu amene apwetekedwa amakumbukira zaka. Waluso amene wabwereketsa nkhope yake kwa munthu amene sakumudziwa wadya mbewu imene akadabzala.

Palinso goli lina limene aluso a masiku ano asenza, losaoneka msanga. Woimba wa nthawi ya makaseti ankatulutsa chimbale n'kupita kwawo kukapuma. Wa lero akangokhala chete sabata imodzi, anthu ayamba kufunsa ngati wadwala kapena wayamba kunyada. Ayenera kuonetsa chimene wadya, kumene wapita, ngakhale mwana wake wobadwa dzulo, ndipo bandulo yochitira zonsezi agula yekha, magetsi akazima akatchajitse foni kwa wometa. Ndaona alakatuli aluso amene adayamba ndi ndakatulo zoluma, zofunsa mafunso ovuta, koma ataona kuti zoseketsa ndi za chikondi ndizo zimagulitsa malaya olembedwa maina awo, adasiya zoluma zija. Wosupa akachuluka mphamvu amayamba kuuza wovina mavinidwe. Ife okonda luso tiyenera kudzifunsa ngati ndalama yathu ikumasula waluso kapena ikumumanga miyendo.

Komabe sindingayerekeze kunena kuti msikawu ndi woipa, chifukwa ndaona zimene ungachite. Mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atafika povuta, mlembi Stanley Onjezani Kenani adapempha anthu pa Facebook kuti asonkhe zogulira zipangizo za m'zipatala, ndipo anthu adasonkha chifukwa ankadziwa dzina lake komanso ankaona malisiti a zimene zagulidwa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, magulu omwe aja okambirana za madiresi ndi zimbale adasanduka osonkhanitsa ufa, zofunda ndi ndowa. Gulu la mwana wa mchemwali wanga lidaimitsa maoda onse, makina n'kuyamba kusoka zovala za ana amene adatsala ndi chimene adavala usiku umenewo. Njira imene imanyamula diresi kupita ku Chilomoni ndi yomweyo imene idanyamula bulangete kupita kumisasa.

Okonda mabuku a Chichewa nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Ambiri a ife tidakula tikuwerenga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba chifukwa mabuku awo ankapezeka m'masitolo a mabuku ndi m'masukulu. Malawi Book Service itagwa m'zaka za m'ma 1990, buku la Chichewa losakhala pa silabasi lidasowa polowera. Lero mlembi wa ku Zingwangwa angathe kuwerengera anthu ake ndime imodzi pa foni, n'kufunsa amene akufuna bukulo kuti alipiriretu, n'kusindikiza molingana ndi chiwerengero cha olipirawo, kabaza n'kugawa. Sadikiranso wosindikiza wamkulu amene amangofuna mabuku a mayeso. Koma amene walandira ndalama ya buku losasindikizidwa walandira ngongole, ndipo mlembi mmodzi akadya ndalama yotero amatsekera anzake khumi chitseko.

Choncho pempho langa kwa aluso ndi lakuti chinthu chimene simudachigwire ndi manja anu musatiuze kuti tigule, ndipo zikavuta bwerani poyera msanga monga adachitira telala wa ku Bangwe. Kwa ife ogula, kukonda munthu kusatiletse kufunsa kumene katundu ali, amene adamulandirapo kale ndi ndani, ndiponso ngati n'kotheka kulipira katunduyo atafika. Safunsa adadya phula. Waluso weniweni sakwiya ndi mafunso otero, chifukwa amateteza iye yemwe.

Mayi wa mandasi uja adamaliza kubweza ngongole yake patatha miyezi isanu ndi iwiri, akudzuka 3 koloko m'mawa kukoleza moto womwe uja ankafuna kuusiya. Foni akadali nayo, ndipo chaka chatha adasoketsa diresi ku Bangwe atachita kupita yekha kukaona makina ndi mwini wake. Madzulo amaonerabe makanema, amasekabe. Koma nkhope ya mnyamata uja ikangotulukira, amaikankha ndi chala n'kupitirira.